Mboni za Pazenera

M'mawa uliwonse, asanavule juzi, asanapatse munthu moni, Anabotolo ankayamba apita pazenera la kum'mawa. Ankatenga kabotolo kamodzi ndi zala ziwiri, mosamala ngati dzira la ming'alu, n'kukakweza pakati pa diso ndi kuwala. M'kabotolomo munkakhala madzi akuda bii ngati inki. Iwo sankayang'ana pamwamba, ankayang'ana pansi penipeni. Akakhutira ankakabwezera pamalo pake n'kutenga kena, mpaka mzere wonse utatha. Moni ankabwera pambuyo.

A Sipanala, mkulu wokonza makina m'labu ya kafukufuku wa mankhwala mmene Anabotolo ankagwira ntchito, anazionerera izi zaka zoposa makumi awiri. Tebulo lawo linali pakona kuseri kwa chitseko, pakati pa mawaya ndi tizitini ta mabawuti, ndipo munthu akakhala pamenepo zenera lija ankaliona bwino. Anali munthu wosayankhulayankhula. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira, chifukwa cha kasipanala kamene sikankachoka m'thumba la ovolosi yawo. Ena amati ngakhale pa ukwati wa mwana wawo kanali m'jekete.

Anabotolo anali alamu awo, mng'ono wa malemu akazi awo. Ntchito ya m'labuyo anawapezera ndi a Sipanala omwewo, chaka chimene Anabotolo anatsala okha ndi ana atatu m'nyumba ya chipinda chimodzi. Inali ntchito yotsuka mabotolo ndi ziwiya zagalasi basi. Sukulu analekezera panjira, koma anali ndi maso, ndi manja osanjenjemera. Zaka zikupita, madotolo anayamba kuwatuma kuyeza ufa pasikelo, kenako kusakaniza, kenako kusefa, mpaka zinafika poti chilichonse chopangidwa m'labumo chinkadutsa m'manja mwawo.

"Alamu, munandibweretsa kuno kudzatsuka, lero ndikuphikira madotolo," ankatero. "Chipewa cha maphunziro chokha n'chimene akundimana."

"Chingakugwereni m'sinki," a Sipanala ankayankha, osadzutsa mutu.

Zimene ankaphikazo zinali izi. Pali ufa wina wakuda ngati mwaye, wopepuka moti ukapumira pafupi umauluka. Ukauika pa makina okulitsa zinthu umaona kuti si ufa wamba. Ndi timachubu ta kaboni, tating'ono kwambiri moti tsitsi limodzi pambali pake lingaoneke ngati chipika. Madotolo ankafuna kuti timachubuto tizinyamula mankhwala m'magazi n'kukawatula pa chotupa penipeni, m'malo mowamwaza thupi lonse. Vuto linali lakuti timachubu ta kaboni sitimwerana madzi ndi madzi enieniwo. Ukatithira m'madzi timamatirirana, n'kupanga mibulu, n'kumira. Mibulu yotere ikalowa m'mitsempha ndi imfa. Choncho ankayamba ativeka polima, mankhwala a tiulusi titalitali tokonda madzi, timene timakulunga kachubu kalikonse ngati bandeji. Kachubu kovala bwino kamayandama pakokha miyezi ndi miyezi.

Anabotolo ankazifotokoza mwachidule kuposa mabuku. "Tamaliseche timachita manyazi, timakumbatirana n'kuthawira pansi. Tovala timayenda mwamatama."

Timachubu tonse tovekedwa tsiku limodzi iwo ankatitcha mphika. Pa mphika uliwonse ankapatulako pang'ono m'kabotolo, n'kulembapo tsiku, n'kukaika pazenera. Ankati imeneyo ndi mboni. Palibe anawatuma. Chizolowezicho anachiyamba kale pa mankhwala ena, ndipo timachubu titabwera chinangopeza ntchito yake yeniyeni. Lamulo linali limodzi: mboni saigwedeza. Wophunzira watsopano akangotambasula mkono, mawu ankamupeza kuchokera kusinki.

"Iwe! Dzanjalo ukulifunabe?"

Kenako kunabwera pulofesa watsopano, munthu wakhama, wofulumira poyenda ndi poyankhula pomwe. Anabwera ndi makina oyezera kukula kwa tinthu m'madzi, olemba manambala pakompyuta m'mphindi zitatu. Tsiku lina, alendo atatsala pang'ono kufika, anaima pazenera paja manja ali m'chiuno.

"Mayi, izi zichoke. Pano si pa golosale. Makina aja ndi amene akugwira ntchito imeneyi tsopano."

"Chabwino, bwana."

Pazenera panayera. Koma a Sipanala anaona kuti palibe kabotolo ngakhale kamodzi kamene kanapita kotaya. Timabotolo tonse tinalowa m'kabati ya pansi pa sinki, kuseri kwa makatoni a sopo. Ndipo m'mawa uliwonse, pulofesa asanafike, Anabotolo ankagwada, n'kutulutsa kamodzikamodzi, n'kupita nako pazenera monga kale. Mawondo okha ndi amene ankadandaula. A Sipanala anangodontheza mafuta m'zitsulo za chitseko cha kabatiyo kuti chisamalire.

M'labumo munalinso makina ena amene onse ankawatcha Nyenje, chifukwa cha kulira kwake koboola m'makutu. Linali beseni lachitsulo lonjenjemeretsa madzi. Ukaikamo botolo, mibulu yonse inkamwazikana. Popanda Nyenje timachubu sitingavale bwino, chifukwa polima imafunika ipeze kachubu kalikonse kali pakokha. Pa 20 Malichi Nyenje inangoti zii. Chitsulo chatsopano chikanatenga miyezi iwiri kuti chifike, ntchito ili pachimake. A Sipanala anaitsegula, anapita m'chipinda chosungira katundu, anachotsa kachitsulo kofanana m'makina ena akale amene anali atangokhala, n'kukawotcherera. Pomakwana nthawi yoweruka, Nyenje inali ikuboolanso makutu. Pulofesa anawagwira chanza.

Pa 24 Anabotolo anaphika mphika waukulu, madotolo n'kubaya mbewa zoyera khumi ndi ziwiri zoyeserapo. Pofika tsiku lachitatu, zisanu ndi ziwiri zinali zitafa. Atazing'amba anapeza mibulu yakuda m'mapapo.

Lolemba lotsatira a Sipanala anaitanidwa mu ofesi.

"Achikulire, khalani pansi," anatero pulofesa. "Ine ndaganiza usana ndi usiku. Manja ndi omwewo, njira ndi yomweyo, makina oyezera akuti zonse zinali bwino. Chasintha n'chimodzi. Nyenje."

"Ndinaikonza, bwana."

"Munandiuza kuti mwaikonza. Simunandiuze kuti mwaikamo chitsulo cha kudzala. Ntchito ya zaka ziwiri yabwerera m'mbuyo. Lachisanu akuluakulu akumana, ndipo ine ndiyenera kulemba chimene chinachitika. Ndilemba kuti kunali kusasamala. Mwina mwezi uno ukhala wotsiriza."

A Sipanala anayang'ana manja awo. Anali atatsala ndi miyezi isanu yokha kuti apume pantchito, atagwira zaka makumi atatu ndi zinayi. Kuchoka sikunawawawe kwambiri, pakuti akanachokabe. Chinawalasa chinali liwu limodzi lija. Munthu amene sanasiyepo bawuti yosamanga, akachoke ndi kalata yoti ndi wosasamala, adzukulu adzaipeze m'sutikesi iye atapita.

"Ndamva, bwana," anatero, n'kutuluka.

Atabwerera pakona pawo anayesa Nyenje monga amachitira okonza makinawa. Anaviika m'besenimo kapepala kachitsulo kopyapyala, kaja kokutira chakudya, n'kuyatsa. Kanatuluka kali ndi timabowo tofanana paliponse, chizindikiro chakuti makinawo ali bwino. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Zinali chimodzimodzi. Koma ndani angamvere kapepala ka munthu woimbidwa mlandu? Ngakhale iwo eni mtima unayamba kuwakayikitsa. Mwina maso akalamba. Mwina pali chimene sanachione.

Masana anakakhala pa masitepe a kuseri, chakudya chili pambali chosatsegula. Anabotolo anawapeza pamenepo.

"Alamu, mwangoti ndwii ngati nkhuku yonyowa bwanji? Wakukanani ndani?"

Anawafotokozera, mawu ochepa monga mwa nthawi zonse.

"Ndiye inu mwayankha chiyani?"

"Ndati ndamva."

"Mwati mwamva!" Anabotolo anaomba m'manja kamodzi. "Mkulu wanga ankanena zoona, ankati anakwatiwa ndi chitseko. Chetechete sautsa nyama, alamu."

Kenako nawonso anakhala pansi pa sitepe yomweyo, akupotokola chala cha gulovu imene anaiwala kuvula.

"Pali zimene sindinakuuzeni," anatero. "Cha pakati pa Malichi ndinaona kamatope pansi pa mboni ya pa 6. Ndinaonetsa dotolo wamagalasi uja, wachiwiri kwa bwana. Mukudziwa anatani? Anaitenga, anaikhutchumula ine ndikuona, anaiponya mu Nyenje mphindi khumi, n'kuiyeza. Kompyuta inati zili bwino. Akuti, mayi, mwaona? Ine mtima unangoti phwii. Ndinati zawo izo, ophunzira ndi iwowo. Mbewa zija, alamu, ndapha nawo ndine ndi mkwiyo wanga."

A Sipanala anamvetsa pomwepo. M'labumo aliyense, asanayeze kanthu, ankayamba waika botolo mu Nyenje mphindi khumi. Zinalembedwa choncho pa pepala la ndondomeko, ndipo palibe ankaziganizira, monga munthu saganizira kusamba m'manja. Nyenje inkamwaza timachubu tonse, tovala ndi tamaliseche tomwe, ndipo makina oyezera ankatipeza tili patalipatali. Makinawo sankanama. Ankanena zoona, koma zoona za mphindi khumi zokha.

"Mboni za Malichi zilipo zonse?" anafunsa.

"Zikapite kuti?"

A Sipanala anaganiza kaye, kenako anapukusa mutu. "Ayi. Mukazitulutsa adziwa kuti simunamvere lamulo lawo. Tichoka awiri. Ine ndatsala pang'ono kale, inu muli ndi zaka patsogolo."

"Tikachoka awiri tikatsegula golosale. Paja anati luso ndili nalo."

"Alamu, sindikuseka."

"Nanenso sindikuseka. Nkhani ya ana atatu ija mwaiwala ndinu, ine ayi." Anaimirira, akusasa fumbi kumbuyo. "Idyani chakudyacho. Lachinayi mudzalawire, mudzandichotsere mipando m'njira."

Lachinayi a Sipanala analawira. Anakankhira mipando kukhoma, anakulunga waya amene ankadutsa pansi, n'kuima pambali. Anabotolo anagwada pakabati paja n'kuyamba kutulutsa mboni zawo. Kabotolo kamodzi ulendo umodzi, kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wonyamula mwana wogona. Anayenda maulendo khumi ndi anayi. Timabotolo tonse anatindandalika pazenera mosatsata masiku, mapepala a masikuwo atayang'ana kunja kuti munthu woima m'kati asathe kuwerenga.

Pulofesa atalowa anaima pakhomo, chikwama chili m'manja. Kumbuyo kwake kunali dotolo wamagalasi.

"Mayi, ndinati chiyani za timabotoloti?"

"Munati tichoke pazenera, bwana. Tinachokadi. Lero tangobwera kudzacheza."

Wina anatsokomola kuti abise kuseka. Pulofesa sanaseke.

"Bwana, ndili ndi pempho," Anabotolo anapitiriza, mawu atawafewetsa, manja atawagwirizira kutsogolo. "Maso angawa ayamba kuchita chifunga. Inu anu ndi akuthwa. Mundithandize kuona kuti ndi titi tili ndi matope pansi. Mukatha nditaya tonse, mukuona."

Bodza la maso limenelo a Sipanala analimva bwinobwino, koma anangoyang'ana kudenga. Pulofesa anapumira m'mwamba, anaika chikwama pansi, n'kutambasula dzanja mofulumira monga mwa chikhalidwe chake.

"Pepani bwana, osagwedeza."

Dzanja linaima m'malere. Kenako linatsika pang'onopang'ono. Anakweza kabotolo koyamba pakuwala. Kanali kakuda kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kachiwiri chimodzimodzi. Pa kachitatu anachedwa. Pamwamba madzi anali otuwa, kuwala kukudutsa, ndipo pansi panali kamzere kakuda kokhuthala.

"Aka kali ndi matope."

"Kaikeni apa, bwana."

Anapitiriza. Tsopano sankafulumiranso. Pomaliza, khumi tinali mbali imodzi, tinayi mbali ina.

"Tsopano mutitembenuze, muwerenge masiku."

Anayamba ndi khumi tija. Januwale, Febuluwale, kotsiriza ka pa 1 Malichi. Kenako tinayi ta matope. Anawerenga mokweza, mawu akutsika pa kalikonse.

"Pa 24 Malichi. Pa 17. Pa 11. Pa 6."

Pulofesa anatembenuka kuyang'ana kukona.

"Achikulire, Nyenje munaikonza liti?"

"Pa 20, bwana."

Miphika itatu inali itaonongeka kale iwo asanakhudze makinawo. Dotolo wamagalasi anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta ngakhale anali oyera.

"Nanga chinasintha n'chiyani pakati pa 1 ndi pa 6?" anafunsa pulofesa, ngati akudzifunsa yekha.

Anabotolo anangotembenuza mutu pang'ono kuyang'ana pashelefu, pamene panali chitini choyera cha chivundikiro chabuluu. Inali polima yatsopano. Anaiitanitsa ndi pulofesa yemweyo kuchokera kwa ogulitsa ena, chifukwa akale aja ankachedwa kutumiza. Dzina pa pepala linali lomwelo, choncho palibe anaiwerengera ngati chinthu chosintha. Pa chivundikiro panali malemba a Anabotolo, amene ankalemba tsiku pa chilichonse chimene atsegula: 3 Malichi.

Pulofesa anachitsitsa chitinicho, anachiyang'ana nthawi yaitali. Akanatha kunena kuti tiyeni tikakambirane mu ofesi. Sanatero, ndipo a Sipanala amamukumbukira pa chimenechi. Anayenda mpaka kukona kuja, pamaso pa onse.

"Achikulire, ndakulakwirani. Wosasamala ndi ine. Mundikhululukire."

A Sipanala anangogwira kasipanala m'thumba n'kugwedeza mutu.

"Ndipo inu mayi, zenerali ndi lanu."

"Linali langa kale, bwana. Munangobwereka."

Ulendo uno pulofesa anaseka, ndipo labu yonse inapuma.

Ataiyeza polima yatsopanoyo anapeza kuti tiulusi take tinali tatifupi kwambiri kuposa mmene pepala linanenera. Timachubu tinkavala, koma chovala chosafika m'mawondo. Kalata ya kusasamala sinalembedwe. Pa pepala la ndondomeko anawonjezerapo mzere watsopano, wakuti mphika uliwonse uzikhala ndi mboni yake, igone masabata awiri osagwedezedwa, nyama iliyonse isanabayidwe. Dotolo wamagalasi ndi amene anaulemba mzerewo, ndipo kuyambira pamenepo ankadutsa pazenera paja manja ali kumbuyo.

A Sipanala anavutika masiku angapo ndi mmene angathokozere. Mawu ankawakonza panjira, akafika pakhomo pa labu n'kubalalika. Pomaliza anachita zimene ankadziwa. Anatenga thabwa losalala, anaboola mabowo makumi atatu oyenerana ndi timabotolo, anamata kansalu kofewa m'bowo lililonse, n'kulikhomerera pazenera kuti ngakhale chitseko chimenyetsedwe, mboni isasunthe. Anabotolo analipeza m'mawa. Analisisita ndi chala kuyambira uku mpaka uko.

"Alamu, pakamwa panu pakanakhala ngati manja anuwa, bwenzi muli m'busa."

"Zikomo," anatero a Sipanala.

"Wothokoza ndi ndani apa, ine kapena inu?"

"Ine."

"Chabwino. Ndamva, bwana," anatero Anabotolo, akutsanzira mawu awo, ndipo anaseka mpaka kugwira sinki.

Miyezi isanu itatha a Sipanala anapuma pantchito ndi ulemu wawo wonse. Kalata imene ili m'sutikesi mwawo lero imanena za zaka makumi atatu ndi zinayi za kukhulupirika. Komabe Nyenje ikadwala ankawaitana, ndipo akabwera ankalawira, kuti akhale pakona paja alamu awo akamalowa. Ntchito ya timachubu inapitirira pang'onopang'ono. Mbewa zinasiya kufa. Kufika kwa anthu odwala kunali kukadali kutali, ndipo Anabotolo ankati iwo sadzakuona, koma mphika ndi mphika ulendowo ukufupika.

Patapita zaka zinayi, bodza lija la chifunga linasanduka zoona. Ng'ala inayamba diso lamanzere, kenako lamanja. Manja anali akadali olimba, koma manambala a pasikelo anayamba kuthawa, ndipo Anabotolo sanadikire kuti wina awauze. Anapita okha mu ofesi kukanena tsiku lawo lotsiriza.

Tsikulo a Sipanala anabwera, ngakhale Nyenje inali bwinobwino. Tebulo lawo linali ndi mwini wina tsopano, koma mwiniyo anali asanafike, choncho anakhala pampando wawo wakale. Anabotolo analowa, juzi ili m'thupi, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Anapita pazenera. Anapapasa thabwa lija mpaka bowo loyamba, mmene munkakhala mboni ya mphika woyamba kuphikidwa bwino mlandu uja utatha. Imeneyo anakana kuitaya zaka zonsezi. Anaitenga ndi zala ziwiri, anaikweza pakuwala. Anaisendeza pafupi ndi diso, anaitalikitsa, anaisendezanso. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Alamu," anaitana motsitsa mawu, osatembenuka. "Tabwerani kuno. Musauze anthu. Pansipa pali chiyani?"

A Sipanala anaimirira, anavala magalasi awo, anawerama pambali pa dzanja la alamu awo osalikhudza. Anayang'anitsitsa, pakuti ankadziwa kuti yankho lachifundo silingalandiridwe.

"Palibe kanthu. Ndi bii mpaka pansi."

"Mukunena zoona?"

"Ndinayamba ndakunamizani?"

"Zaka zinayi," anatero Anabotolo, "timachubu tija tikadavalabe."

Anakatsitsa kabotoloko pang'onopang'ono, anapeza bowo lake ndi chala cha dzanja linalo, n'kukakhazika osagwedeza ngakhale pang'ono. Kenako anatembenuka, akumasula mabatani a juzi.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"